Ndodo Yoyezera ya ku Limbe

MUTU 6

1. Boma la m'nyumba

Boma litalengeza kuti kuyambira pa 1 Meyi anthu atha kutuluka kukawongola miyendo, mzinda wa Cape Town unasangalala ngati ana oweruka kusukulu. Lamulo lake linali la masamu. Utuluke sikisi koloko, ubwerere naini koloko m'mawa, usapitirire makilomita asanu kuchokera pakhomo pako, ndipo pakamwa ndi mphuno zikhale m'masiki. Zikuoneka kuti kachilombo ka korona kankadzuka mochedwa.

Koma m'kanyumba ka kuseri ku Bellville, momwe Triza ankakhala ndi bambo ake, a Mateyu, ndi azakhali ake, a Fyness, munali boma lina. Boma limeneli silinkalankhula pa wailesi. Linkalankhula lili pa makina osokera, mapini ali kukamwa.

"Panja ayi," anatero a Mateyu. "Pemiti yanga inatha mu Epulo maofesi ali otseka. Yako imatsamira pa yanga. Pa wailesi akuti zimenezo si mlandu mpaka ziletso zitatha. Chabwino. Koma ndani wakuuza kuti wapolisi wa pamsewu amamvera wailesi?"

A Mateyu anali telala. Kashopu kawo ka pafupi ndi renki ya matakisi kanali kotseka, ndiye ankasoka masiki a chitenje panyumba. Mayi a Triza ankagwira ntchito kunyumba yosamalira okalamba ku Wynberg, ndipo chiyambire lokidauni ankagona komweko.

Triza anali ndi zaka 15, ali Giredi 10. Matendawa asanabwere ankathamanga mtunda wautali m'timu ya sukulu. Masabata asanu oyamba a lokidauni anawathera pampando, foni kumanja, buledi kumanzere. Ulendo wake wautali patsiku unali wokataya zinyalala m'bini, ndipo masiku ena ngakhale umenewo ankaudandaula. Siketi ya yunifolomu inayamba kukana kutseka.

A Fyness zimenezi zinawakomera.

"Taima apo ndikujambule," ankatero. "Anthu ku Thyolo aone kuti mwana wa a Mateyu amadya. Kale ndinkachita manyazi kutumiza zithunzi zako. Miyendo ngati ya kakowa! Anthu mpaka ankandifunsa kuti kodi ku Kepiko kwagwa njala?"

2. Maulendo mazana awiri

Lolemba pa 4 Meyi, Kochi Jessie, mphunzitsi wa zamasewera, anatumiza uthenga pagulu la atsikana othamanga.

"Atsikana, mipikisano ndi yoletsedwa, koma miyendo yanu palibe waitsekera. Ndikufuna mayina asanu ndi limodzi a timu yomwe idzaimire sukulu ziletso zikadzatha. Aliyense athamange makilomita asanu payekha, anditumizire nthawi yake isanakwane naini koloko Loweruka pa 16. Amene foni yake imalemba mtunda, atumize chithunzi. Amene alibe yotere, kholo lake limuchitire umboni."

Foni ya Triza inali yosiyiridwa ndi mayi ake. Inkalemba mauthenga basi, nawonso ikafuna.

Anawerenga uthengawo kawiri, kenako anatuluka n'kukaima pakhomo. Pakati pa mpanda ndi nyumba yaikulu ya alandilodi panali kanjira ka simenti. Kankayambira pa geti n'kukathera pa mpope wa kuseri. Anakayang'ana nthawi yaitali, kenako anabwerera m'nyumba.

"Adadi, mwaletsa msewu."

"Ndaletsa."

"Kanjira aka simunaletse."

A Mateyu anaimitsa makina. Anamuyang'ana mwana wawo, n'kuseka mpaka pini imodzi inagwa.

"Mwana uyu adzakhala loya. Tiye tikayeze."

Anatenga ndodo yawo yoyezera nsalu. Inali ndodo yathabwa, yokhala ndi tizitsulo kunsonga zonse ziwiri. Anapatsidwa ndi mkulu amene anawaphunzitsa kusoka pakhonde la sitolo ina ku Limbe, ndipo manambala ake anafufutika kalekale ndi thukuta la m'manja.

"Mita yeniyeni iyi," anatero. "Yadula nsalu zambiri kuposa masiku amene iwe wakhala ndi moyo."

Anagwada n'kuyamba kuyeza kuchokera pa geti. Ndodo inalowa ka 25 ndendende kukafika pa mpope.

Masamu ake anali osavuta. Kanjirako ndi mamita 25, makilomita asanu ndi mamita 5,000, ndiye kuti maulendo 200. A Mateyu anatenga mabatani 20 ndi zitini ziwiri. Pa maulendo khumi aliwonse ankaponya batani limodzi m'chitini chachiwiri.

Tsiku loyamba Triza anafika mabatani asanu ndi atatu okha. Anagwira mpope ndi manja onse awiri, malovu akuwawa mkamwa. Mtsikana amene mu Febuluwale ankathamanga makilomita asanu n'kukayimba kwaya madzulo ake, tsopano ankapuma ngati mvukuto yobowoka.

"Waona?" anatero a Fyness ali pawindo. "Thupi lenilenilo likukana. Mvera thupi."

Triza anamwa madzi apampope, n'kupukuta kukamwa.

"Thupi limeneli ndi langa, azakhali. Lizimvera ine."

Mawa lake anadzukanso. Mkuja lakenso. Anaphunzira kukhota pa geti pogunda chitsulo ndi chikhatho, ndi kukhota pa mpope popanda kuterereka. Anthu ochita lendi m'zipinda zina anayamba kumutcha "takisi ya Bellville", poti inkangopita ndi kubwerera osanyamula munthu.

Lachitatu pa 13, batani lomaliza linagwera m'chitini. A Mateyu anaimitsa wotchi ya pafoni yawo. Mphindi 23 ndi masekondi 40.

Analemba okha uthenga wa umboni m'Chingerezi chawo cha ku renki, n'kuikapo dzina lawo lonse.

Lachinayi m'mawa Kochi Jessie anatumiza mndandanda wongoyembekezera. Triza anali wachitatu. Wachisanu ndi chiwiri, woyamba kutsala kunja kwa timu, anali Zakiyya, mnzake wa desiki imodzi, ndi mphindi 24 ndi masekondi 30.

3. Rula yapulasitiki

Masana a tsiku lomwelo mphunzitsi wa masamu anatumiza ntchito: aliyense ayeze zinthu zisanu za m'nyumba ndi rula, alembe kutalika kwake m'masentimita. Triza anayeza supuni, buku, foni ndi nsapato. Chachisanu anafuna chosavuta, choti yankho lake akulidziwa kale. Anatenga ndodo ya bambo ake.

Rula yake inali ya masentimita 30. Mita imodzi iyenera kumeza marula atatu, n'kutsala masentimita khumi.

Anayeza. Marula atatu, n'kutsala kachidutswa kochepa ngati chikhadabo.

Anayezanso kuyambira mbali ina. Chimodzimodzi. Anatenga tepi ya bambo ake yoyezera anthu, n'kuitembenuzira mbali ya masentimita, imene a Mateyu sankaiyang'ana chifukwa ankayeza makasitomala m'mainchi. Tepi inati 91 ndi kakang'ono.

"Adadi, ndodo yanuyi si mita."

"Ndi chiyani? Mpini wa khasu?"

"Ndi yadi."

"Yadi, mita, zonse ndi nsalu."

"Kwa nsalu mwina. Taonani."

Anatenga pepala n'kuyamba kulemba bambo ake akuona. Pa ndodo iliyonse pankasowa masentimita pafupifupi asanu ndi anayi. Ndodozo zinali 5,000. Anachulukitsa, anachotsera, n'kujambula mzere pansi pa yankho. Sanathamange mamita 5,000. Anathamanga mamita 4,572. Mamita 428 anasowa, mtunda woposa kuzungulira bwalo la masewera kamodzi.

Anawerengeranso nthawi. Pa liwiro lomwelo, makilomita asanu enieni akanamutengera mphindi 25 ndi masekondi 53. Pa mndandanda wa Kochi Jessie, amenewo anali malo achisanu ndi chitatu.

A Mateyu anatenga ndodo ija n'kuitembenuzatembenuza ngati akuiona koyamba.

"Ndiye kuti zaka makumi awiri ndakhala ndikubera anthu nsalu?"

"Munkadzibera nokha, achimwene," anatero a Fyness. "Nchifukwa chake mathalauza anu onse amathera m'mwamba mwa akakolo."

Palibe anaseka. Triza anali atatenga kale foni yake.

"Ukuchita chiyani?" anafunsa a Fyness.

"Ndikuwauza a Kochi."

4. Mawu a azakhali

A Fyness anatseka chitseko, anakoka mpando, n'kumanga chitenje chawo mwamphamvu. Triza ankadziwa tanthauzo lake. Anakhala pansi.

"Tamvera, mwana wa achimwene. Ine ndinabwera kuno iwe usanaphuke mano. Ndachapa m'nyumba za anthu ku Durbanville, ndagulitsa tomato pa renki, ndathamangitsidwa kawiri katundu ali pamutu. Ndaphunzira chinthu chimodzi. Kwa eni sudzitengera wekha kubwalo la milandu. Ukapeza pokhala, khala, pinda miyendo, usafunse kuti mpandowu unali wa yani.

"Iwe waba chiyani? Wathamanga, thukuta tinaliona tonse. Bambo ako anawerenga mabatani moona mtima. Ngati pali wabodza m'nyumba muno ndi ndodoyi, ndipo ndodo siipita kumwamba. Ukawauza aphunzitsiwo, iwo samva za yadi ndi mita. Amva kuti Mmalawi uja ananama, bambo ake anasainira bodza. Mawa mwana wina wa kwathu akadzanena zoona, adzamuyang'ana kawiri. Fisi akagwa m'mbuna salankhula. Iwe sunagwe n'komwe, koma ukufuna kukuwa.

"Ndipo ukawauza, chotsatira n'chiyani? Adzati thamanganso. Kuti? Kumsewu. Kumsewu kuli matenda. Kumsewu kuli mavani apolisi. Kumsewu kuli anyamata opanda chochita, oti akaona mtsikana wamsinkhu wako ali m'kabudula maso amachita kutuluka. Mayi ako akusamba m'manja ka makumi asanu patsiku ku Wynberg kuti akupeze wamoyo. Iwe ukufuna kutaya zonsezo chifukwa cha masentimita asanu ndi anayi? Mawu a akuluakulu amakoma akagonera, Triza. Ika foniyo pansi."

Triza anamvetsera mpaka kumapeto, manja ali pamaondo, monga analeredwera. Kenako anati:

"Ndamva, azakhali. Koma mukuti ndodo ndiyo yanama. Dzulo inali ndodo. Lero ndadziwa. Ndikakhala chete, kuyambira lero wabodza ndi ine."

"Ndani akudziwa? Tilipo atatu muno."

"Tsiku la mpikisano adzadziwa onse. Kumeneko sadzayeza ndi ndodo ya ku Limbe. Ndipo ndikakhala pa nambala 3 pali mtsikana wina amene wathamanga mtunda wonse n'kutsala kunja chifukwa cha ine."

"Mtsikanayo ndi mbale wako?"

"Ayi. Koma miyendo yake imapweteka ngati yanga."

A Fyness anayang'ana mchimwene wawo kuti alankhulepo. A Mateyu anali akuyang'anabe ndodo. Triza analemba uthenga, anajambula pepala la masamu lija, n'kutumiza.

Sipanathe mphindi zisanu foni inalira. Anali Kochi Jessie, akulankhula Chingerezi chothamanga cha ku Kepi.

"Triza, ndaphunzitsa zaka khumi ndi ziwiri. Ndaona ana akudula makona, ndaona makolo akunama zaka za ana. Sindinaone munthu akudzichotsa yekha pa mndandanda ndi masamu olondola chonchi. Koma ndikuchotsadi. Nthawi yongowerengera papepala sindilandira."

"Ndikudziwa, Kochi."

"Tamvera. Paki ya pafupi ndi laibulale ukuidziwa? Msewu woizungulira ndi kilomita imodzi ndi kota. Ndinauyeza ndi gudumu loyezera la kusukulu, osati ndodo. Kuzungulira kanayi ndi makilomita asanu. Sitiloledwa kusonkhana, ndiye sindikukuitana. Ndikungonena kuti Loweruka hafu pasiti seveni ndimayenda kumeneko, ndipo mwangozi ndimakhala ndi wotchi m'thumba."

Pakiyo inali pa mtunda wosakwana kilomita imodzi kuchokera pa geti. Boma la dziko linkalola. Linatsala boma la m'nyumba.

5. Pa geti

Lachisanu lonse a Mateyu anayankha mawu amodzi okha: "Ayi." Triza sanalire, sanamenyetse chitseko. Anatsuka mbale, anasita masiki makumi anayi, n'kuwauza bambo ake maso ndi maso.

"Mawa ndipita, adadi. Sindithawa mobisa. Ndikukuuziranitu kuti mudziwe komwe ndili."

Loweruka kunacha ndi mphepo yozizira yochokera kunyanja. Seveni koloko kunali kusanayere bwino. Triza anavala thalauza yothamangira yaitali, kuti azakhali asapeze ponena, anamanga zingwe za nsapato, n'kukaima pa geti. Geti linali lokhoma. Kiyi anali m'thumba la bambo ake.

A Mateyu anatuluka atafunda jekete. Anaima pambali pake, onse awiri akuyang'ana msewu kudzera m'zitsulo. Kunja anthu ankadutsa, ena ndi agalu, ena akuthamanga mwaulesi.

"Ukuwaona anthu awo?" anatero. "Wapolisi akawaimitsa, amatulutsa kabuku kapena kakhadi, n'kupitiriza ulendo. Iwe utulutsa chiyani? Unabadwira ku Thyolo, wakulira kuno, ukulankhula ngati iwo, koma pepala limadziwa kwanu. Ine ndinaona mnzanga Thokozgani akukwezedwa m'vani atangopita kukagula ulusi. Masiku anayi mkazi wake sankadziwa komwe ali. Anali ndi mapepala abwinobwino, anangowaiwala m'jekete ina.

"Sindikukuletsa chifukwa chodana ndi kuthamanga kwako. Ndani anagwada kuyeza kanjiraka? Ndani anawerenga mabatani m'mawa uliwonse? Kulakwa kwa ndodo ndi kwanga, ndipo kwandisowetsa tulo. Koma timu ya sukulu ikakuphonya chaka chino, chaka chamawa ilipo. Mwana akasowa, chaka chamawa kulibe wina. Ukadzabereka udzamvetsa chifukwa chake munthu amakhoma geti."

Triza anayankha motsitsa mawu.

"Adadi, ndakhala m'kati masabata asanu ndi awiri. Ndinamvera. Ndinaona zimene kukhala kunandichita. Ndinkalephera kukwera masitepe a alandilodi osapumira. Mukuti chaka chamawa. Nanga matendawa akakhalapo chaka chamawa? Pemiti ikachedwa zaka ziwiri? Ndizidikira pampando mpaka miyendo idzaiwale dzina langa?"

"Triza."

"Kalata ya kusukulu yosonyeza kuti ndine wophunzira ili m'sokosi. Nambala yanu ndailemba padzanja, nayi. Lamulo likundilola mpaka naini. Geti ili ndikhoza kulikwera, mukudziwa. Koma sindikufuna kutuluka pakhomo pa bambo anga ngati wakuba."

A Fyness anakuwa ali pakhomo, bulangete lili pamapewa.

"Achimwene, musamumvere loya ameneyo!"

A Mateyu anapisa m'thumba. Anatulutsa masiki atsopano a nsalu yopyapyala, osokedwa mwa mtundu wina, otukuka kutsogolo kuti asamatirire pakamwa munthu akamapuma mwamphamvu. Anawapachika pachitsulo cha geti. Anatulutsanso kiyi n'kumuika pamwamba pa mpanda.

"Ine sindinakutsegulire," anatero. "Wamva m'mimba ndiye amatsekula chitseko. Ikakwana hafu pasiti eyiti usanabwere, ndikutsatira, pemiti kapena ayi. Ndiye ukamathamanga uzidziwa kuti wanyamula anthu awiri."

Anatembenuka n'kulowa m'nyumba. Triza anatenga kiyi.

6. Msewu wopanda mpope

Kochi Jessie anali ataima pansi pa mtengo pakona ya paki, atavala chipewa chaubweya, akuchita ngati akuwerenga chikwangwani cha malamulo a agalu. Sanapereke moni. Anangoloza mzere wa choko pa phula.

Kutsidya la msewu kunali munthu wina. Zakiyya anali atakhala pa mpanda waufupi, manja ali m'thumba la juzi. Ankakhala m'mafulati apafupi, ndipo Triza anamulembera dzulo lake za nkhani yonse. Anakweza dzanja pang'ono. Triza naye anakweza.

"Ukakonzeka," anatero Kochi osamuyang'ana.

Triza ananyamuka.

Chodabwitsa choyamba chinali kutalika kwa dziko. Atathamanga pang'ono thupi lake linachepetsa lokha liwiro, dzanja linatambasuka kufuna kugunda geti lomwe kunalibe. Mayi wina woyenda ndi ndodo anadabwa kuona mtsikana akupereka moni kwa mphepo. Zinamutengera theka la ulendo woyamba kuti miyendo ikhulupirire kuti msewu ukupitirira.

Chachiwiri chinali mphepo. M'kanjira ka kunyumba mpanda unkamutchinga. Kuno mbali ya kumpoto kwa paki mphepo inkamukankha pachifuwa ngati kondakitala wokana wokwera. Kunalinso kachitunda kakang'ono, koti woyenda sangakazindikire, koma wothamanga amakadziwa ndi dzina.

Ulendo woyamba, mphindi zisanu ndi chimodzi. Wachiwiri, chimodzimodzi ndi masekondi ochepa pamwamba.

Pa ulendo wachitatu vani ya apolisi inatulukira pakona, ikuyenda pang'onopang'ono. Triza anamva kalata ija ikumukanda m'sokosi. Sanayang'ane pansi, sanachepetse liwiro. Vani inayenda pambali pake kwa kanthawi. Wapolisi wamkazi anatsitsa galasi.

"Kweza masiki, sisi! Mphuno ili panja!"

Triza anakweza masiki. Vani inapitirira.

Pa ulendo wachinayi, atadutsa kachitunda, miyendo inati ntchito yatha. Inali itazolowera kuti apa ndi pamene batani lomaliza limagwera m'chitini. Koma Kochi Jessie ankaoneka patali, kakang'ono ngati nyerere pansi pa mtengo. Amenewo ndiwo anali mamita 428 aja. Papepala anali manambala atatu. Pamsewu anali ndi mano.

"Thamanga, Triza!" Anali Zakiyya, ataimirira pa mpanda paja, akukuwa mpaka agalu anayamba kuuwa. "Thamanga, iwe!"

Anathamanga. Masiki ananyowa, m'makutu munalira, mzere wa choko unabwera pang'onopang'ono ngati takisi ya Lamulungu. Anaudutsa n'kugwira mtengo ndi manja onse awiri.

Kochi Jessie anayang'ana wotchi. Anayang'ananso. Kenako anaitembenuza kuti Triza adzionere yekha ali patali.

Mphindi 24 ndi masekondi 41.

"Ndi nthawi yeniyeni," anatero Kochi. "Ndipo ndi yabwino kwa munthu amene masabata awiri apitawa ankalephera makilomita awiri. Koma Zakiyya, amene tsopano ali pa nambala 6, ali ndi 24 ndi 30. Uli pa nambala 7. Masekondi khumi ndi limodzi, Triza. Sindingawabise, monga iwenso sunabise ako."

Triza anagwedeza mutu.

"Mayina ndiwatumiza kwa ahedi Lolemba m'mawa. Usasiye kuthamanga. Wamva?"

"Sindisiya, Kochi."

Kochi anaika wotchi m'thumba n'kupitiriza ulendo wawo wangozi uja.

7. Masekondi khumi ndi limodzi

Triza anakhala pansi m'mphepete mwa msewu n'kumasula zingwe za nsapato. Zakiyya anawoloka, n'kukhala pa mtunda wa masitepe awiri, monga lamulo linkanenera.

"Wapambana," anatero Triza. "Malo ndi ako. Ukawathamangire bwino, apo ayi ndidzakulanda."

Zakiyya sanaseke. Ankakoka ulusi wa pa mkono wa juzi yake.

"Unawauziranji?" anafunsa. "Unali wachitatu. Palibe akanadziwa. Ndani amayeza ndodo?"

"Anthu opanda chochita pa lokidauni."

"Triza, ndikunena zoona."

"Nanenso. Sindikanatha kuima pamzere ndi nambala yobwereka."

Zakiyya anayang'ana kumene kunalowera Kochi. Anali atafika patali. Kenako anatsitsa masiki ake pang'ono, ngati kuti mawuwo sakanatha kudutsa pansalu.

"Ine ndinayesa kanayi," anatero. "Kanayi konse ndinaima pa kilomita yachitatu. Ulendo womaliza ndinasanza pafupi ndi laibulale apo, anthu akuona. Masabata onse aja ndinali pa bedi, Triza. Kufulati kwathu kulibe ngakhale kanjira. Pali khonde lokwana zidebe ziwiri."

"Koma chithunzi unatumiza. Mapu ndinawaona."

"Foni ndiyo inazungulira pakiyi." Mawu ake anali aang'ono. "Inali m'thumba la mchimwene wanga. Iye anali pa njinga. Ndinamuuza kuti azipalasa pang'onopang'ono kuti zisaoneke."

Triza anasiya chingwe cha nsapato chili m'manja.

"Iwe utangochoka pa mndandanda, bambo anga anauza abale onse kuti ndalowa timu," anapitiriza Zakiyya. "Ndidzalimbikira, ndikulumbira. Pofika mpikisano ndidzakhala nditabwerera. Ndakuuza chifukwa sindikanatha kukuona ukuthamanga chonchija ine n'kukhala chete. Koma ndakuuza iwe wekha. Ndiwe mnzanga, eti? Usawauze. Chonde."

Triza anayang'ana mnzakeyo, maso ali ofiira pamwamba pa masiki. Anayang'ana kumtunda kwa msewu. Chipewa cha Kochi Jessie chinali chisanakhote pakona. Munthu wothamanga bwino akanatha kuwapeza asanafike pa maloboti.

Wotchi ya pafoni inati 8:16. Kunyumba kunali munthu wopanda pemiti amene pofika hafu pasiti eyiti akhala atatuluka pa geti.

Triza anamanga chingwe cha nsapato yakumanzere, kenako cha yakumanja, n'kuimirira.

"Ukupita kuti?" anafunsa Zakiyya.